Kodi Nolan ndi Kubrick wa masiku ano?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina amene akuti anayamba kukonda mafilimu a Christopher Nolan ali mnyamata. Analemba motere: "Paliponse ndimamva zoti Nolan ndi Stanley Kubrick wa masiku ano. Interstellar ndaionera kasanu, ndipo ulendo uliwonse misozi imalengeza m'maso. Koma nditayesa 2001: A Space Odyssey ya Kubrick, tulo tinandiba isanafike n'komwe pakati. Kodi vuto ndi ine, kapena akale aja timangowatamanda poti anatisiya?"

Achimwene, choyamba mtima ukhale m'malo. Si inu oyamba kugonja ndi filimu imeneyi. Pamene inkaonetsedwa koyamba mu 1968, anthu ena ankanyamuka pamipando n'kutuluka isanathe, ndipo olemba nkhani za mafilimu ena otchuka anainyoza kuti ndi yotopetsa. Koma pa funso lenilenilo, yankho langa ndi ayi. Nolan si Kubrick, ndipo amene amamuveka chipewa chimenechi amawalakwira onse awiri. Kholo lake pa ntchitoyi ndi munthu wina, ndimutchula kutsogoloku.

Anthu sanangozipeka zowafanizirazi. Nolan mwiniwake amanena kuti ali ndi zaka 7 bambo ake anapita naye ku Leicester Square ku London kukaonera 2001, ndipo zimene anaona tsiku limenelo sizinamuchoke m'mutu. Mu 2018, filimuyo itakwanitsa zaka 50, iye ndi amene anakaionetsa ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, pa tepi ya 70mm, osaikongoletsa ndi kompyuta. Komanso onse awiri ndi amisiri aliuma, ofuna kuti chimene kamera ikujambula chikhalepodi. Kubrick anamangitsa chigudumu chachikulu pafupifupi mamita 12, chozungulira, kuti munthu azioneka akuthamanga mozungulira khoma la chombo cha mumlengalenga. Nolan, pojambula Inception ya 2010, anamangitsa khonde la m'kati mwa hotela lozungulira lonse, kuti Joseph Gordon-Levitt azimenyana ndi mdani wake pakhoma ndi kudenga. Mu Tenet anawombetsa ndege yeniyeni, Boeing 747, pa chinyumba. Kubrick naye pojambula Barry Lyndon ya 1975 anasaka magalasi a kamera amene anapangidwira bungwe la NASA, n'cholinga choti ajambule anthu pa kuwala kwa makandulo okha.

Kufanana kwawo kumathera pa zipangizo pomwepo.

Taonani mmene 2001 imayambira. Kwa mphindi pafupifupi 25 simumva mawu a munthu ngakhale amodzi. Muli anyani, chitsime cholimbirana, ndi chimwala chakuda chosalala chimene changopezeka chitaima m'mawa. Nyani wina watola fupa, wazindikira kuti lingaphwanye chigaza, wapha nalo mnzake, kenako waliponya m'mwamba. Fupalo likutembenuzika m'malere, ndipo kuphethira kumodzi kokha mukuona chombo chikuyandama kunja kwa dziko. Zaka mamiliyoni zadutsa pamenepo. Palibe amene wakuuzani kuti chida choyamba cha munthu chinali chophera, mwaziona nokha. Ndipo mpaka filimu kutha, palibe amene adzakukhazikeni pansi n'kukuuzani kuti chimwala chija n'chiyani.

Tsopano kumbukirani Interstellar yanu ija. Chombo chikuyandikira njira yachidule yodutsira mumlengalenga, ndiye wasayansi Romilly akutenga pepala, akulipinda, n'kulibowola ndi cholembera pofotokozera Cooper mmene njirayo imagwirira ntchito. Cooper ameneyu ndi woyendetsa chombo wophunzitsidwa ndi NASA, ndipo ulendo wautali wauyenda kale. Zoona angafike pamenepo asakudziwa kumene akulowa? Romilly sakufotokozera Cooper, akufotokozera inu ndi ine. Mu Inception mulinso mtsikana, Ariadne, amene ntchito yake yaikulu ndi kufunsa mafunso amene woonera angafunse. Nolan amaopa kukusiyani m'mbuyo, ndiye amakutafunirani ngati mmene mayi amachitira ndi khanda. Kubrick amangokuikirani fupa patsogolo n'kuchokapo.

Musamve ngati ndikunyoza misozi yanu. Pali malo amodzi pamene amuna awiriwa anajambula chinthu chofanana ndendende, ndipo ndi pamene mitima yawo imaonekera poyera. Mu Interstellar, Cooper watsikira pa dziko limene ola limodzi ndi zaka 7 za kuno, wachedwako pang'ono, ndipo pobwerera m'chombo wapeza mauthenga a zaka 23. Akukhala pansi kuonera mwana wake wamwamuna akukula pamaso pake: wapeza chibwenzi, wabereka, waika maliro, wataya mtima. Kamera ikukhalitsa pankhope ya Matthew McConaughey, wosewera Cooper, amene akuseka, kenako kusekako kukusanduka kulira kosatonthozeka. Mu 2001 namonso muli uthenga wochokera kwawo. Frank Poole, mmodzi wa oyenda m'chombo, wagona chagada pansi pa nyale yowotha, makolo ake akumuimbira nyimbo ya tsiku lobadwa pa kanema, keke ili patsogolo pawo. Iye akungoyang'ana, nkhope ili gwa, ndipo zitatha akuuza kompyuta kuti imukonzere potsamira mutu. Mu filimu yonseyi amene amakumvetsani chisoni kwambiri si munthu, koma kompyuta ija, HAL, pamene Dave, mnzake wa Poole, akuizula nzeru kachidutswa kamodzikamodzi, iyo ikuchonderera kuti ikuchita mantha, mawu ake akunka nalemera mpaka kuzilala ili pakati poimba kanyimbo kakale.

Sikuti Kubrick analephera kujambula chikondi cha kholo ndi mwana. Anachita dala. Iye amayang'ana anthu ali patali, ngati munthu woyang'ana nyerere pa chulu, ndipo akuona kuti pamene zida zathu zikuchenjera, ifeyo tikuuma mitima. Nolan amakhulupirira anthu. Onani zimene aliyense anachita ndi bomba la nyukiliya. Mu 1964, pasanathe zaka ziwiri America ndi Soviet Union zitatsala pang'ono kuponyerana mabomba pa nkhani ya Cuba, Kubrick anatulutsa Dr. Strangelove, filimu yanthabwala, momwe msilikali amakwera bomba ngati ng'ombe, akukupiza chipewa, dziko n'kutha. Nolan mu Oppenheimer ya 2023 anatikhazika maola atatu m'chikumbumtima cha munthu mmodzi amene analipanga. Kwa wina ndife zitsiru zokhala ndi machesi m'manja, kwa winayo ndife anthu anzeru olemedwa ndi mlandu.

Ndiye kholo la Nolan ndi ndani? Ine ndimati David Lean, Mngelezi wobadwa mu 1908, amene anayamba ntchito ngati wodula ndi kulumikiza zithunzi asanayambe kutsogolera mafilimu akeake. Pojambula The Bridge on the River Kwai ya 1957 anamangitsa mlatho weniweni ku Ceylon, kumene lero ndi ku Sri Lanka, n'kuuphulitsa sitima yeniyeni ili pamwamba pake. Mu 1962 anatulutsa Lawrence of Arabia, yojambulidwa ndi makamera a 65mm m'chipululu cha Jordan ndi malo ena, yotalika pafupifupi maola anayi. Nkhani yake ndi ya munthu waluso, wodzimva, wovuta kumumvetsa, amene boma likumugwiritsa ntchito pa nkhondo, ndipo nkhondo itatha akutsala ali chigoba. Kodi ameneyu si Oppenheimer? Lawrence of Arabia ndi Oppenheimer analandiranso mphoto za Oscar 7 iliyonse, kuphatikizapo ya filimu yopambana ndi ya woitsogolera. Lean ankadziwa kupanga chinthu chachikulu, chodula, cha nkhani ya anthu akuluakulu, koma chodzaza holo. Masiku ano amene akutha zimenezi ndi owerengeka. Filimu ya asayansi okangana m'zipinda, mbali ina yopanda mitundu, kupeza ndalama zoposa madola 900 miliyoni si zamasewera.

Koma pali chinthu chimene Lean anali nacho, chimene mdzukulu wakeyu amachipeza mwa apo ndi apo: kudikira. Lawrence ndi womuperekeza afika pachitsime pakati pa chipululu, amwa madzi, akupuma. Kutali kwambiri, kumene mchenga ukukumana ndi thambo, kwaoneka kafumbi. Kenako kadontho kakuda, kooneka mwachizimezime chifukwa cha kutentha. Palibe nyimbo. Kamera ikungodikira, amuna awiriwa akungoyang'ana, kadontho kaja kakukula pang'onopang'ono mpaka mwayamba kumva mapazi a ngamila pamchenga. Woperekeza uja wazindikira kuti ndi ndani, wathamangira mfuti, kulira kwa chipolopolo, wagwa. Wokwera ngamilayo ndi Omar Sharif, ndipo walowa mu filimu asanalankhule kanthu koma mukumuopa kale. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nolan akanakhala pachitsime chimenechi, ndikuganiza kuti akanatidumphitsa pakati pa malo atatu, ng'oma za Hans Zimmer, wopeka nyimbo za mafilimu ake ambiri, zikugunda pachifuwa. Nthawi zina phokoso lake limakwirira ngakhale zimene anthu akulankhula. Tenet ndinachita kuibwereza nditayatsa mawu olembedwa m'munsi, ndipo nditawawerenga ndinapeza kuti sindinataye zambiri.

Chondipweteka n'chakuti Nolan kudikirako amakutha. Mu Oppenheimer, pofika m'bandakucha wa pa 16 July 1945 m'chipululu cha New Mexico, pamene akuyesa bomba lija koyamba, nyimbo ikukwera, akuwerenga masekondi, chala chili pa batani. Kenako zii. Kuwala kokha, moto ukukwera, ndi kupuma kwa anthu ogona pansi atavala magalasi akuda. Chiphokoso chikubwera mochedwa, monga zimakhaliradi poti kuwala kumathamanga kuposa mawu, ndipo chikakupezani mumadzidzimuka pampando. Mphindi zimenezo ndingaziike pambali pa chitsime cha Lean popanda manyazi. Kungoti zikangotha, kulankhula kumayambiranso.

Chimene chili chakechake Nolan ndi kusewera ndi nthawi. Mu Memento ya 2000, nkhani ya munthu amene sasunga chilichonse chatsopano m'mutu, mbali yaikulu imayenda chobwerera m'mbuyo, kotero inunso simudziwa chimene changochitika, chimodzimodzi mwini nkhaniyo. Mu Dunkirk ya 2017 analuka pamodzi sabata imodzi ya asilikali pagombe, tsiku limodzi la bwato panyanja, ndi ola limodzi la ndege m'mwamba, zonse n'kudzakumana pamalo amodzi. Luso lolukana nkhani si latsopano. D. W. Griffith analuka nkhani zinayi za nyengo zosiyana mu Intolerance kale mu 1916, ngakhale dzina lake limanunkha chifukwa chaka cha 1915 anapanga filimu yotamanda gulu latsankho la Ku Klux Klan. Koma kwa ena kulukako ndi njira yofotokozera nkhani, pamene kwa Nolan nthawiyo ndiyo mdani weniweni wa anthu ake. Dunkirk ndimaikonda kuposa ena onse chifukwa m'menemo anatseka pakamwa. Ndege ya Tom Hardy itatha mafuta, ikuyandama mwakachetechete pamwamba pa gombe, palibe amene akufotokoza kanthu.

Pa mbali yomaliza ya funso lanu, muli ndi mfundo. Tikamati "akale", timanena ochepa amene nthawi inawapeta n'kutsala m'lichero. Chaka cha 1968 chinatulutsa mafilimu ambirimbiri amene lero palibe amawakumbukira, ndiye n'kulakwa kutenga mankhusu ndi maso omwe a lero n'kumayerekeza ndi maso okhaokha a dzana. Komanso kupetako kumatenga nthawi, ndipo sikutsata mphoto. Vertigo ya Alfred Hitchcock inalandiridwa mozizira mu 1958, koma mu 2012 olemba za mafilimu, pa chisankho chimene magazini ya Sight and Sound imachititsa zaka 10 zilizonse, anaiika pamwamba pa onse. Hitchcock sanapambanepo Oscar ya wotsogolera filimu. Kubrick, pa mafilimu ake 13, Oscar yake inali imodzi yokha, ya luso la zithunzi za mu filimu ya 2001 ija, koma mu 2022 opanga mafilimu anzake anavotera filimu yomwe inakugonetsaniyo kukhala yoyamba. Nolan anabadwa mu 1970 ndipo akadali pa ntchito. Mutandikakamiza kulosera, ndinganene kuti Memento ndi Dunkirk zidzatsala m'lichero, Tenet idzauluka.

Musabwerere ku 2001 msanga. Yambani ndi Lawrence of Arabia, mudzamva ngati mwafika kwa agogo a munthu amene mumamudziwa kale. Kenako Paths of Glory ya 1957, ya Kubrick yemweyo, yosakwana ola ndi theka, imene imatha ndi mtsikana wa ku Germany akuimba monjenjemera pamaso pa asilikali a ku France amene anayamba ndi kumukuwiza. Inu olira msanganu, konzekerani. Mukatero ndiye tengani 2001 tsiku lopuma, osati usiku mutatopa ndi ntchito, foni ikhale chipinda china, ndipo musavutike kufunsa kuti chimwala chija chikutanthauza chiyani. Mukafika pamene Dave akuzula nzeru za HAL, mundilemberenso, mundiuze ngati tulo tija tinabweranso.