Funsani Aphunzitsi: K720,720 yathu ikungogawika, si zamatsenga izi?

Aphunzitsi, ndine msungichuma wa banki mkhonde kuno ku Chibavi, Mzuzu. Chiwongoladzanja ndi zindapusa za chaka chino zakwana K720,720. Tinalipo 16 koma atatu anasiya kubwera, ndiye tinakangana ngati nawo alandire. Mwana wanga atawerengera pa foni, ndalamayo inagawika ndendende kwa anthu 16, kwa 15, kwa 14, ngakhale kwa 13, osatsala ndi tambala. Anzanga akuti ndinachita kukonza. Zikutheka bwanji?
Mayi wodabwa, Chibavi

Mayi, mtima m'malo, simunabe ndipo palibe wakhwima. Mwangogwera nambala yomwe ife a masamu timaikonda kwambiri.

Iyang'aneni bwino: ndi 720 wolembedwa kawiri. Nambala iliyonse ya manambala atatu mukailemba kawiri chonchi, mwaichulukitsa ndi 1001. Tsono 1001 ndi 7 kuchulukitsa ndi 11 kuchulukitsanso ndi 13. Izi zitatu ndi zija kusukulu amati ma prime number, zosagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi mwini wake, ndipo ndi zomwe zimavuta pogawa ndalama. Yesani 365365 kapena 248248, muona kuti 7, 11 ndi 13 zikulowamo bwinobwino. Ine ndimadyera ana a Fomu 1 maswiti ndi kamasewera kameneka.

Nayenso 720 ndi wofewa: 16 amalowamo ka 45, ndipo 9 ndi 5 amalowanso. Mukaphatikiza zonsezi, 720,720 ndiyo nambala yaing'ono kwambiri yogawika ndi nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16. Zoigawa popanda chotsala zilipo 240, ndipo palibe nambala yocheperapo yomwe ili ndi zochuluka chotere. Katswiri wa ku India, Srinivasa Ramanujan, analemba za nambala za mtundu umenewu mu 1915.

Mukakhala 16, aliyense atenga K45,045. Mukakhala 13, ndi K55,440. Kusiyana kwake ndi K10,395 pa munthu, ndipo ndikuganiza kuti mkangano wanu wagona pamenepo, osati pa masamu. Za atatu aja onani malamulo a gulu lanu, ine sindilowererapo.

Anzanu okayikawo auzeni ayese kugawa kwa anthu 17. Aliyense apeza K42,395, patsala K5.