Yankho: laibulale yopepuka ya ma socket pa Windows, Linux ndi macOS

Achimwene, mwafunsa laibulale yopepuka ya C yoti pulogalamu yanu yotumizirana mauthenga iziyenda pa Windows, Linux ndi macOS osalemba kodi katatu. Tengani libuv. Ndi yaulere, ndi yomwe imayendetsa Node.js, ndipo imasankha yokha njira yoyang'anira ma socket (makomo omwe pulogalamu imatumizira ndi kulandirira data pa netiweki): epoll pa Linux, kqueue pa macOS, IOCP pa Windows. Amene akuti muike Qt yonse, laibulale yaikulu ya C++ yopangira mapulogalamu, chifukwa cha socket imodzi akukusenzetsani katundu wopanda ntchito.

Enanso akuti mulembe nokha ndi #ifdef, yolekanitsa kodi ya Windows ndi ya Linux kapena macOS. Zimatheka, koma Windows imafuna WSAStartup poyamba, closesocket m'malo mwa close, ndipo select yake (yodikirira ma socket angapo nthawi imodzi) imatenga ma socket 64 okha mukapanda kusintha FD_SETSIZE. Zonsezi libuv imakubisirani.

Koma tcherani khutu apa, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. TCP, njira yomwe data yanu imayendera pa netiweki, sidziwa kuti uthenga wayambira pati ndipo wathera pati, imangokankha ma byte motsatizana. Mukatumiza mauthenga awiri, akhoza kufika atamatirirana, kapena umodzi ukhoza kufika theka. Poyesera pa kompyuta imodzi zonse zimaoneka bwinobwino, vuto limatulukira pa netiweki yeniyeni. Libuv sikonza zimenezi. Patsogolo pa uthenga uliwonse ikani ma byte 4 onena kutalika kwake, nambalayo muidutsitse mu htonl kuti makompyuta onse aiwerenge mofanana. Wolandira azisunga zomwe zafika mpaka zikwane. Ikaninso malire, mwina 1 MB, apo ayi munthu wina adzatumiza nambala yaikulu n'kukudyerani memory yonse.

Chachiwiri, buffer (memory yosungira uthenga) yomwe mwapereka ku uv_write musaifufute callback (function yomwe libuv imaitana ikamaliza) isanabwere, ndipo isakhale ya pa stack. Chimodzimodzi uv_close: free, yomasula memory ya socket yomwe mukutseka, ichitike mkati mwa callback yake. Mukafulumira, pulogalamu imagwa mwa apo ndi apo, ndipo kupeza chifukwa chake kumavuta kwambiri.

Pa Linux lembani signal(SIGPIPE, SIG_IGN) koyambirira kwa main. Mukaiwala, wina akangodula kulumikizana inu mukulemba, seva imafa osasiya uthenga uliwonse wonena chomwe chavuta. Ndipo kuchokera ku thread ina musakhudze loop ya libuv, itanani uv_async_send basi.

Poyesera, bwerekani VPS (seva yolipira ya pa intaneti) yaing'ono, imakhala pafupifupi madola 5 pamwezi, mulumikize kudzera pa data ya foni. Mauthenga afupiafupi akamachedwa, yatsani uv_tcp_nodelay.