Khadi lakanidwa, ndalama zadulidwa: wakana ndani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Chembe, ku Cape Maclear, omwe amanyamula alendo pa boti kupita nawo ku Thumbi ndi ku Domwe. Ndaifupikitsa, chifukwa analemba atakwiya ndipo munthu wokwiya sasunga mawu:

"Injini ya boti langa yafa kachipangizo kopopa madzi. Ndinakapeza pa intaneti m'sitolo ina ya ku Johannesburg. Ndalama mu akaunti zilimo, koma khadi langa la Visa analikana katatu. Kachinayi meseji inabwera yoti ndalama zadulidwa, pomwe asitolo akuti sanalandire kalikonse. Ndinaimba ku banki, anandiikira nyimbo mpaka mayunitsi kutha. Mawa lake anayankha munthu wina, ndinayambanso nkhani pachiyambi, mapeto ake akuti pitani ku nthambi yanu. Kodi anthuwa akundibera? Ndisamuke banki?"

Pepani achimwene. Mawu akuti "pitani ku nthambi" amapepuka mkamwa mwa munthu amene wakhala pa mpando wa ndalema ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Iye sakudziwa kuti kuchoka ku Chembe kufika pa boma la Mangochi ndi makilomita opitirira 70, kuti muyambe mwakwera njinga yamoto kukafika pa msewu wa ku Monkey Bay, ndiponso kuti tsiku limenelo boti ligona pamchenga. Wa ku Makanjira ndiye tisanene.

Zokuberani sindikukhulupirira. Chimene chikukuzunzani n'chakuti palibe amene wakuuzani yemwe wakana. Mukalemba manambala a khadi pa intaneti, kapena mukalilowetsa m'kamakina ka m'sitolo, pempho lanu limadutsa m'manja mwa anthu anayi: wogulitsa, banki ya wogulitsayo, kampani ya Visa kapena Mastercard yomwe ndi mlatho chabe, kenaka banki yanu. Zapakati pa mabanki akuno zimathanso kudzera pa National Switch, imene inayamba mu 2015 ndipo ndi yomwe inachititsa kuti khadi la banki ina lizitulutsa ndalama pa ATM ya banki inzake. Aliyense mwa amenewa akhoza kudula ulendowo, koma inu pagalasi mumangoona liwu limodzi lija lachizungu, Declined. Ambiri timathamangira kutukwana Visa, chonsecho Visa sasunga ndalama yanu ndipo khadilo sanakupatseni ndi iwo. Anakupatsani ndi abanki anu. Ndiwonjezere kuti makhadi amene ambiri tili nawo m'matumbamu ndi odula ndalama zathu zomwe. Angongole, amene banki imayamba yakulipirirani inu n'kubweza pakutha pa mwezi ndi chiwongoladzanja mukachedwa, ali ndi anthu ochepa, makamaka a malipiro okhazikika. Koma njira imene onsewa amadutsa ndi imodzi, ndipo matenda ake ndi amodzimodzi.

Kwa inu, woyamba kumukayikira ndi dola. Mukagula katundu wa marandi ndi khadi la makwacha, banki yanu imadula makwacha kwa inu, koma iyo imayenera kukabweza kunjako m'ndalama zakunja, zomwe m'dziko muno zakhala zikusowa kwa zaka. Mukukumbuka kuti Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzaigwetsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Madola sanasefukire m'mabanki ngakhale zinatero. Choncho mabanki amaika malire a ndalama zimene khadi lingagulire kunja, malirewo amasinthasintha, ndipo makhadi ena amakhala otsekedwa kugula kunja kapena pa intaneti mpaka mwini wake atapempha kuti amutsegulire. Mukhoza kukhala ndi mamiliyoni mu akaunti n'kulephera kugula kanthu ka madola 40. Mtsikana wa pafoni uja dola alibe, ndipo nthawi zambiri saloledwa n'komwe kukuuzani poyera kuti vuto ndi limenelo. N'chifukwa chake amangozungulira ngati ntchentche pa usipa.

Wachiwiri ndi kompyuta ya banki yolondera akuba. Khadi limene moyo wake wonse langotulutsa ndalama pa Mangochi, lero usiku likufuna kulipira ku Johannesburg, ndipo likubwereza kanayi m'mphindi khumi. Kwa kompyutayo ameneyo ndi wakuba, basi. Apa ndikudzudzuleni pang'ono achimwene: khadi likakanidwa kawiri, lekani. Kubwerezabwereza kumangolimbitsa chitseko. Palinso kanambala kachinsinsi kaja ka OTP kamene banki imatumiza pafoni kuti mutsimikize kuti ndinudi. Kamakhala ndi moyo wa mphindi zochepa, ndipo ndi netiweki ya m'mphepete mwa nyanja kamatha kufika katafa kale. Ena kamapita ku nambala yakale imene anaitaya kalekale osakauza banki. Enanso akaunti imakhala yomangidwa mwakachetechete chifukwa sanakapereke chiphaso chaunzika chatsopano.

Tsopano za ndalama zodulidwazo, poti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Mwachidziwikire sizinapite ku sitolo, zangogwiridwa. Banki yanu inavomera n'kuziika pambali kudikira kuti wogulitsa adzazitenge, koma yankho silinakafike, kapena makina a sitoloyo anakukanani okha ataona kuti khadi ndi la ku Malawi ndipo adiresi sikugwirizana. Wogulitsa akapanda kuzitenga zimabwerera zokha, kawirikawiri patatha sabata imodzi, nthawi zina mpaka masiku 30. Pemphani sitetimenti. Ngati malipirowo sakuoneka ngati otsirizika koma ndalama zoti mungatape zachepa, ndiye kuti zagwiridwa chabe. Ngati akuoneka kuti anatsirizika, pamenepo ndi mlandu wina, wotchedwa chargeback, woti banki yanu ikalande ndalamazo kudzera ku Visa. Umenewu uli ndi nthawi yake, nthawi zambiri masiku 120, ndiye musagone nawo.

Inenso zinandigwera chaka chatha pamalo ena omwetsera mafuta pa boma pomwepa. Galimoto yamwa kale, pambuyo panga mzere, kamakina n'kulavula kalisiti kokana. Mnyamata wothira mafuta anandiyang'ana ndi diso lija loti bwanawa ndi a mapepala okhaokha. Ndinalipira ndi ndalama ya pafoni, ndipo ndisanawoloke n'komwe mlatho wa Bakili Muluzi meseji inalowa yoti khadi ladulidwa. Mafuta amodzi, kulipira kawiri. Chimene chinandipulumutsa ndi kalisiti kaja, kamene ndinangokaponya pa dashibodi mosaganiza. Panali nambala 91.

Manambala amenewa aphunzireni, chifukwa ndi amene amanena zoona pamene anthu akubisa. 51 ndiye kuti ndalama zaperewera, ndipo musaiwale kuti pogula kunja pamakhala ndalama yosinthira ndi zolipira zina pamwamba pa mtengo umene mukuuona. 54 khadi latha nthawi. 55 mwalakwitsa PIN, ndipo mukalakwitsa katatu limatsekedwa. 61 mwapyola malire. 91 banki yanu sinayankhe, kaya ndi netiweki kaya makina awo agona. Wovuta ndi 05, amene amangotanthauza kuti banki yakana osanena chifukwa, ndipo kompyuta yolondera akuba ija imakonda kubisala kumeneko. Si makina onse amene amasindikiza nambalayi, ndipo masitolo a pa intaneti saionetsa kawirikawiri, koma ku banki imaoneka.

Ndiye mukaimbanso musayambe ndi nkhani ya injini ndi alendo amene akukuthawani, ngakhale ndi yowawa. Nenani tsiku, ola ndi kuchuluka kwa ndalama, kenaka funsani kuti: pempho limeneli linafika kwa inu? Ngati silinafike, vuto lili kwa wogulitsa kapena panjira ndipo musavutike ndi banki. Ngati linafika, akuuzeni nambala imene anakanira, akuuzeni ngati khadi lanu ndi lotsegulidwa kugula kunja, ndiponso malire ake mwezi uno. Musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la amene mukuyankhula naye. Popanda nambala imeneyo mawa mudzayambanso pachiyambi, ngati mmene zinakuchitikirani.

Foni ndi mphepo, achimwene. Ine ndinaimba kasanu osaphula kanthu. Tsiku limene ndinalemba kalata ya tsamba limodzi, n'kumata fotokope ya kalisiti, n'kuumirira kuti andidindire chidindo pa kope langa, nkhope ya wondithandizayo inasintha. Ndalama inabwerera sabata yachitatu. Pepala lodindidwa lili ndi tsiku, ndipo tsikulo limawerengera iwo. Ngati ulendo wa pa boma ukukulemerani, tumizani imelo, nayonso imasunga tsiku. Akakhala chete kapena akakuyankhani zosamveka, pamwamba pawo pali Reserve Bank of Malawi. Lamulo la Financial Services Act la 2010 linaika Gavanala wa bankiyi kukhala woyang'anira mabungwe onse a zachuma, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Ili ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Choyamba chimene adzafune kuona ndi umboni woti munayamba mwadandaula ku banki yanu, ndipo apo ndi pamene chidindo chija chimagwira ntchito.

Chenjezo limodzi, poti mwakwiya ndipo mwina mwalemba kale za nkhaniyi pa Facebook. Akathyali amawerenga madandaulo amenewo. Akuimbirani ndi mawu okoma, ulemu woposa wa abanki enieniwo, kuti akubwezereni ndalama lero lomwe mukangowawerengera manambala a pakhadi, atatu a kumbuyo aja, ndi OTP. Wa banki weniweni safunsa PIN kapena OTP. Dulani foni.

Zosamuka banki, ngati chokukwiyitsani ndi mwano ndi kusayankha, samukani, ndalama ndi zanu. Koma ngati yankho litakhale loti malire a madola, dziwani kuti chilala chimenechi chagwa m'mudzi monse, ndipo mukatsegula akaunti ina funsani za malire awo musanasaine chilichonse.

Pakadali pano boti lisadikire banki. Kuno ku Mangochi ndi nyumba zingati zopanda mwana kapena mlamu ku Joni? Mutumizireni chithunzi cha kachipangizoko ndi nambala ya injini, akagule ndi marandi ake, akapatsire a basi kapena amatransipota aja amabwera ndi katundu, inu mugwirizane za kabwezedwe. Muuzeni aike lisiti m'katunduyo chifukwa a MRA pachipata cha Mwanza adzalifuna powerengera msonkho. Ndipo agule tiwiri, kamodzi kosunga.