Ndinayenda nawo mu 2019, pobwera ndinapeza okala yanga ili mbee

Achimwene, inu amene mukufunsa ngati mademo amtendere amasintha kanthu, mverani zanga kaye musanavale nsapato. Ine ndinayenda nawo, osati kamodzi. Chisankho cha pa 21 May 2019 chitatuluka ndi zotsatira zofufutafufuta ndi matipeksi aja mtima unandiwawa ngati wina aliyense, ndiye a HRDC, gulu lomenyera ufulu wa anthu, atayitanitsa mademo ndinkatseka okala yanga ku Lilongwe kuno n'kumapita. Ndinkagulitsa machaja, makava a foni, mabatire ndi mayunitsi. Mpamba wonse unali ngongole ya banki mkhonde imene mayi a kunyumba anatenga m'dzina lawo.

Tsiku lomwe linandipweteka tinayamba bwinobwino, tikuyimba, asilikali akuyenda m'mbali mwathu. Cha masana utsi wokhetsa misozi unayambika, aliyense n'kuthawira kwake. Ine ndinagwera kuseri kwa mpanda wina, maso osaona, kukhosi ngati ndameza tsabola. Mayi wina wa mandasi ndi amene ananyowetsa nsonga ya chitenje chake n'kumandipukuta kumaso ngati mwana wake. Ndili pomwepo foni inalira, mayi a kunyumba akungokuwa kuti thamangani akuswa. Ndinathamanga, achimwene, nsapato imodzi inatsala m'njira. Pofika ndinapeza chitseko cha malata chitapindika, loko ili pansi, mashelefu atazulidwa ndi misomali yomwe. Chinatsala ndi kabuku kolembamo angongole, kali m'fumbi, kapondedwapondedwa.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'choti mmodzi wa anthu oswa okala aja ndinamuona ndi maso anga. Mnyamata amene ndinkamuchajira foni ulele akakhala alibe, dzina lake lili m'kabuku komweko, atasenza katoni yanga paphewa. Tinayang'anizana. Manyazi analibe ndi pang'ono pomwe. Anthu ngati amenewo chilungamo alibe nacho ntchito, mutawafunsa chifukwa chimene tinkafunira kuti Jane Ansah, amene anali wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho, atule pansi udindo sangakuyankheni. Amadikira ena ameze utsi kuti iwo akolole posalima. Sabata yotsatira machaja anga ankagulitsidwa pa depoti mtengo wotaya. Amayi a banki mkhonde nawo sanamve za demokalase, anabwera n'kunyamula matilesi ndi wailesi, ndipo sindiwadzudzula, zinali ndalama zawo.

Kusintha kunabwera, zimenezo sindingakane. Pa 3 February 2020 ndinamvera chigamulo pa wailesi ya aneba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, majaji asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko akuthetsa chisankho cha pulezidenti n'kunena kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Ndinalira misozi. Pa 23 June tinavotanso. Ine ndimakhulupirira kuti pakanapanda miyezi ija ya mumsewu, nkhaniyo ikanazizira m'mafayilo ngati zina zambiri. Komanso musaiwale kuti msewu wokha sunathetse chisankho, panali maloya ndi mboni zimene zinakhala m'khoti miyezi yambiri ndi mapepala a zotsatira.

Nanga mademo a pa 20 July 2011? Anthu 20 anafa m'nthawi ya Bingu, ambiri ku Mzuzu, akulirira mafuta ndi ndalama zakunja, ndipo mafutawo sanabwere m'mawa mwake. Patapita zaka tinadzagonanso pa mizere ya mafuta yomweyo. Makolo a anthu amene anafa aja mungawauze chiyani?

Ndiye ngati mwatsimikiza, pitani, kukhala chete nakonso sikunatipatsepo kanthu. Koma katundu musamutse usiku wake, musasiye ngakhale batire limodzi. Tengani botolo la madzi ndi kansalu, muvale nsapato zomanga zingwe, muyende ndi anthu owadziwa, ndipo mukangoona mwala woyamba ukuuluka tembenukani muzipita kwanu, musadikire kuti muone mapeto ake. Ngati muli ndi ngongole ya eni ake kapena mwana wa m'manja, ine ndikuti khalani pakhomo, ayende ena. Ngongole ija tinamaliza kubweza mu 2022, ndipo okala sindinatsegulenso, pano ndimagulitsa mayunitsi patebulo.