Kodi kompyuta ili ndi malo m'kalasi ya nyimbo?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa nyimbo pa sukulu ina ya pulayimale. Posachedwapa talandira makompyuta ochepa ndi sipika imodzi, ndipo akuluakulu andiuza kuti ndizizigwiritsa ntchito pophunzitsa. Nkhawa yanga ndi yakuti ana aleka kuyimba ndi kuomba zida, n'kumangoyang'ana pa sikirini. Kodi ndiyambire pati? — Mphunzitsi wodera nkhawa

YANKHO: Aphunzitsi, nkhawa yanuyi ndi yomveka, koma makompyuta ochepawo ndi okwanira ngati muwagwiritsa ntchito pophunzitsa ana kumvetsera, ndipo poyambira pabwino ndi kujambula mawu awo.

Munthu akamayimba sadzimva monga momwe anzake amamumvera, chifukwa mawu ake amafika m'khutu kudzera mu mpweya komanso m'mafupa a mutu wake. N'chifukwa chake mwana amatha kukana kwamtuwagalu mukamuuza kuti akutsitsa mawu. Pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity, yomwe idatuluka mu 2000, ndi yaulere ndipo ikaikidwa m'kompyuta siyifuna intaneti. Jambulani kalasi ikuyimba nyimbo yonse, kenaka aseweretsereni mzere woyamba ndi wotsiriza motsatizana, inu osanenapo kanthu. Kawirikawiri amazindikira okha kuti adayambira pamwamba koma pomaliza anali atatsetsereka, kapena kuti a besi adathamanga n'kuwasiya anzawo m'mbuyo. Akatchula okha vutolo, ayimbenso ndipo mujambulenso, kuti amve kusiyana kwake tsiku lomwelo. Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi payokha imaposa zina zonse zimene kompyuta ingachite m'kalasi ya ana aang'ono.

Pambuyo pake mukhoza kuyesa MuseScore, pulogalamu inanso yaulere yolembera manotsi a nyimbo. Mukalembamo nyimbo ya mawu anayi, imaiyimba yonse pamodzi kapena mawu amodziamodzi, kotero kuti a alto, amene nthawi zambiri amakokedwa ndi a soprano, angathe kumva mzere wawo pawokha mobwerezabwereza pamene inu mukuthandiza gulu lina. Imachepetsa liwiro la nyimbo popanda kutsitsa mawu, ndiponso imasamutsira nyimbo ku kiyi ina ngati yakwera kwambiri kwa ana. Ngati pasukulupo pali kiyibodi yokhala ndi MIDI, njira yolumikizira zida zoyimbira ndi makompyuta yomwe idakhazikitsidwa mu 1983, manotsi mukhoza kuwalowetsa poiyimba m'malo mowalemba limodzilimodzi.

Komabe kompyuta siyipuma mpweya. Mwana amene waphunzira nyimbo kwa makina okha sadziwa pokokera mpweya, katchulidwe ka mawu, kapena kuyang'ana dzanja la woyimbitsa, ndipo izi zimachokera kwa inu basi. Dziwaninso kuti mapulogalamu olembera manotsi adakonzedwa motsatira makwerero khumi ndi awiri ofanana a piyano, pamene nyimbo zamakolo za mitundu yambiri ya anthu sizitsatira muyeso umenewu. Zoterozo ndi bwino kuzijambula kwa odziwa kuziyimba kusiyana ndi kuzikakamiza kulowa m'manotsi.

Ngati intaneti ilipo, pulogalamu ya Chrome Music Lab, yomwe Google idatulutsa mu 2016, imathandiza ana kupeka kanyimbo kawo pongodina timabokosi, koma muike malire a nthawi, popeza amatengeka nayo msanga.

Pa mahedifoni samalani kwambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana asamvere mawu opitirira madesibelo 75 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola oposa 40 pa sabata, choncho voliyumu muziyichepetsa nokha phunziro lisanayambe. Zimene mwajambula zikhale m'kompyuta ya sukulu, ndipo musaziike pa WhatsApp kapena Facebook musanalandire chilolezo cha makolo ndi cha mphunzitsi wamkulu.