Agogo aakazi ndi ambiri, koma funsani mmene agonera

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji m'midzi ya kuno ku Thyolo agogo aakazi achuluka kuposa aamuna, komanso ngati zinali chonchi kuyambira kale. Ena ayankha kuti akazi ndi olimba basi. Pamenepo ndiye ndikukana. Akazi amakhalitsadi, koma zaka zowonjezerazo ambiri amazimaliza akubuula.

Amuna a msinkhu wa agogo athu ambiri anakagwira m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Teba, mabungwe omwe ankalemba anthu ntchito za m'migodimo. Kamuzu anaimitsa maulendowo mu 1974 ndege yonyamula Amalawi ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, anadzayambiranso, n'kutheratu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anabwerako ndi njinga ndi wailesi, inde, komanso fumbi la mumgodi m'mapapo, lomwe limatsegulira njira TB. Kuwonjezera apo kachasu ndi chingambwe.

Edzi ya m'ma 1990 sinasankhe, inatenga onse. Kusiyana kunaonekera mankhwala atabwera. Kuno a MSF, bungwe la madokotala lochokera kunja, anayamba kupereka ma ARV mu 2003, boma n'kuyamba aulere dziko lonse mu 2004. Ofika msanga anali akazi, chifukwa mayi amayezedwa kusikelo, ndipo kuyambira 2011 woyembekezera aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala pompo. Bambo ankadikira kuti achite kumunyamula panjinga. Khalidweli likadalipo. BP ndi shuga amuna ambiri amazidziwira pabedi la kuchipatala atafa kale ziwalo. Wina mkodzo ukuvuta kutuluka chaka chathunthu, usiku kudzuka kangapo, koma kuwauza ana ake ayi, akuti n'zochititsa manyazi.

Tsono onani agogo aakazi otsalawo. Amene anathyola tiyi m'maesiteti, dengu lili kumsana m'malo otsetsereka aja, lero podzuka pamphasa amayamba agwira chipupa. Khosi linatha ndi mitolo ya nkhuni ndi ndowa za madzi, maso ndi chifuwa zinatha ndi utsi wa pamafuwa, thupi linabereka ana asanu ndi awiri kapena kuposa. Pamene amati apume, ndi pamene anayamba kulera zidzukulu zamasiye. Akayamba kuiwalaiwala chifukwa cha ukalamba, n'kusochera usiku, mudzi ukuti ndi mfiti. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, poti ameneyo ndi wodwala wofunika kuonedwa ndi adokotala.

Palinso khansa ya khomo la chiberekero, yomwe kuno ku Malawi ikupha amayi ambiri zedi. Katemera wake anayamba kuperekedwa dziko lonse kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, ndiye amayi athu sanamupeze. Iwo chowateteza ndi kuyezetsa. Mayi amene anasiya kale kusamba akaonanso magazi, asadikire, athamangire kuchipatala. Ndipo mukamawaperekeza, achemwali, atengeninso bambo akayezedwe BP, olo akane kuti sakumva kupweteka paliponse.