Kampani ya IT ikakula, kodi mwana wanu alembedwa ntchito?

Mayi ena a ku Zomba anditumizira imelo. Akuti mnyamata wawo anamaliza maphunziro a makompyuta chaka chatha, koma mpaka lero ali pakhomo, akungokonza mafoni a anthu apamudzi. Pawailesi akumva kuti makampani a IT, kutanthauza a zamakompyuta, akukula, ndiye akufunsa ngati kukulako kumabweretsadi ntchito kwa ana ngati wawoyu.

Mayi, ntchito zimabwera ndithu, koma si nthawi zonse zimagwera ana ongotuluka kumene m'kalasi.

Ku India, kampani ya Infosys inayamba mu 1981 mumzinda wa Pune, ndi mainjiniya asanu ndi awiri okha komanso ndalama zokwana madola 250. Lero ili ndi antchito oposa 300,000. Anaikulitsa ndi mabanki ndi makampani a ku America ndi ku Ulaya, omwe ankafuna anthu owalembera mapulogalamu n'kumawasamalira tsiku ndi tsiku. Ntchito yotereyi simatha msanga, kasitomala mmodzi amatha kudyetsa mabanja mazanamazana kwa zaka zambiri. Koma chimene chimandigwira mtima n'chakuti kampaniyi inamanga sukulu yakeyake ku Mysore. Wachinyamata akangolembedwa, amakagona komweko n'kuphunzira kwa miyezi ingapo asanakhudze ntchito ya kasitomala. Odziwa ntchito amawaumba okha.

Kuno ku Africa, kampani ya Andela inayamba ku Lagos mu 2014 ndi mtima womwewo wophunzitsa achinyamata. Pofika mu 2019 inachotsa ntchito ongoyamba kumene oposa 400 ku Nigeria, Kenya ndi Uganda, chifukwa makasitomala ankafuna akatswiri okhwima kale. Kampani inapitiriza malonda ake, ana aja anatsala opanda ntchito. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka pano.

Choncho mnyamata wanu akamva kuti kampani ina yatsegula nthambi ku Blantyre kapena ku Lilongwe, afufuze kaye ngati imalemba ongoyamba kumene n'kuwaphunzitsa. Kumeneko ndiye alimbikireko.

Pakadali pano mafoni akukonzawo musawapeputse, mayi. Apitenso pasukulu yapafupi ndi kwanuko, akawalumikizire makompyuta, akadzutse pulinta imene yakhala miyezi pakona itakutidwa ndi fumbi. Akamaliza apemphe ahedi kalata yachidindo yofotokoza zimene wachita, ndipo pofunsira ntchito aziiyika pamwamba pa satifiketi yake.